Napoleon Dzombe ndi Njala ya 2002

Lero ndifuna ndikukumbutseni mbiri ya mnansi wathu wa m'boma la Dowa, Bambo Napoleon Dzombe, pakuti ambiri a inu dzinali mumalimva pa wailesi, koma simudziwa chimene chinalikweza.

Inu amene mwapitirira zaka 30 simunaiwale chaka cha 2002. Mvula yochuluka ya 2001 inaononga mbewu m'minda, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo pofika Januwale mtengo wake unakwera kufikira poti munthu wamba sakanatha kugula ngakhale ndowa imodzi. Anthu ankagona pamzere pa misika ya ADMARC. M'midzi yathu tinadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo ena anamenyedwa koopsa chifukwa cha chimanga chachiwisi cha m'munda wa mnzawo. Mu Febuluwale, Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la njala, koma pamenepo n'kuti manda atayamba kale kudzaza.

Nyengo yotere imaulula mtima wa wamalonda. Amene ali ndi chimanga amadziwa kuti akachitsekera mwezi umodzi wokha, phindu lake liwirikiza, ndipo ambiri anaterodi. A Dzombe nawonso anali wamalonda. Sanabadwire m'chuma, ndipo ndi sukulu sanapite nayo patali. Chimene anali nacho anachipeza ndi thukuta, kuyambira pa ulimi ndi malonda ang'onoang'ono. Munthu wotere amadziwa kuwawa kwa tambala iliyonse, chotero akadaumira palibe akadadabwa. Koma iwo anatenga chuma chawo nayamba kudyetsa anjala.

Chimene ndifuna muone bwino, abale, ndi chimene chinatsatira. Kugawa chakudya pa njala ambiri amatha, makamaka pamene pali ojambula zithunzi. A Dzombe anaona kuti thumba la ufa limatha, ndipo wolandirayo amabweranso chaka chamawa ndi thumba lomwelo lili lopanda kanthu. Tsono anayamba kumanga zinthu zokhalitsa. Ku Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu, kunaima chipatala cha Blessings ndi mudzi wa ana amasiye wa Mtendere. Mogwirizana ndi kampani ya ku America ya Nu Skin, komweko kunatsegulidwa fakitale yopanga ufa wa phala wa VitaMeal, wa chimanga ndi soya zolimidwa m'dziko momwe muno, umene wadyetsa ana ambiri.

M'chaka cha 2007, ku Mtalimanja m'boma la Dowa, kunatsegulidwa sukulu ya ulimi yotchedwa SAFI. Kumeneko sikupita bambo yekha ai. Banja limasamuka, bambo, mayi ndi ana, kukakhala pasukulupo ndi kuphunzira ulimi wothirira, kupanga manyowa, kuweta ziweto ndi nsomba, kubzala mitengo ndi kadyedwe koyenera. Akamaliza amabwerera kumudzi kwawo kukaphunzitsa anansi. Nzeru yake ndi yakuti njala siigonjetsedwa pa mzere wolandirira chithandizo, koma m'munda ndi pa dimba la banja lililonse. Mwa ife, tikamva kuti uje ndi wa dzanja lalitali timabisa katundu. Ku Mtalimanja manja anatalika kuti afikire wakutali.

Sindikulemba izi kuti ndiyeretse munthu, pakuti a Dzombe ndi munthu ngati ife, ndipo malonda awo ndi malonda ndithu, ofuna phindu. Sanasiye bizinesi kuti akhale wachifundo. Anapitiriza kulima, kugula ndi kugulitsa, chifukwa wopanda kanthu alibe chopatsa. Mukumbukira kuti Yosefe sanapulumutse Aigupto ndi misozi, koma ndi nkhokwe zimene anadzaza m'zaka za dzinthu.

Tsono funso ndilibweretse pakhomo panu. Inu a golosale pa Nambuma, inu a chigayo, inu ogula fodya ndi soya ku Nsaru ndi ku Kabudula, inu ana athu otumiza ndalama kuchokera ku Joni: phindu lanu lasiya chiyani m'mudzi? Musanene kuti ndidzayamba ndikadzalemera ngati a Dzombe, pakuti dzanja losazolowera kutambasuka pa zochepa silitambasuka pa zambiri. Fizi ya mwana mmodzi wamasiye, mbuzi imodzi kwa mayi wamasiye, kukonza mjigo umene wakhala chaka uli wakufa, zimenezi mungathe chaka chino.

Ndipo inu alimi anzanga, pokolola musathamangire kugulitsa chimanga chonse kwa mavenda mu Meyi, kuti mudzachigulenso modula mu Januwale. Njala ya 2002 siinali yotsiriza, inu nomwe ndinu mboni. Makolo anati kupatsa n'kuika, koma amapatsa ndi amene anasunga.

Ambuye akudalitseni nonse, ndipo mupereke moni kwa a m'nyumba mwanu.