Woyamba kuthamanga ayambe ndi kuyenda

Anthu ambiri amene amayamba masewera othamanga n'kulekera panjira sagonja chifukwa cha mtima kapena mapapo, koma chifukwa cha miyendo. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito yatsopano m'masabata ochepa, pamene mafupa, mfundo ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimatenga miyezi kuti zikhwime. Apa ndi pamene pagona ngozi. Wefuwefu akachepa, munthu amadziona ngati wakhwima, n'kuwonjezera mtunda miyendo isanakonzeke. Mapeto ake ndi ululu wa pamsongolo, m'bondo kapena kuchidendene.

Ndondomeko yotchuka yopewera vutoli ndi ya Couch to 5K, imene Josh Clark wa ku America anaikonza mu 1996, ndipo bungwe la zaumoyo la ku Britain, NHS, limailimbikitsa. Imatenga masabata 9, munthu akuthamanga katatu pa sabata ndi kupuma tsiku limodzi pakati. Sabata yoyamba amayenda mwandawala kwa mphindi 5, kenako amasinthanitsa kuthamanga kwa masekondi 60 ndi kuyenda kwa masekondi 90 mpaka mphindi 20 zitakwana. Nthawi yothamanga imanka niwonjezeka pang'onopang'ono. Kumapeto kwa sabata yachisanu munthu amathamanga mphindi 20 osaima, ndipo m'sabata yomaliza amafika pa mphindi 30. Dzina la ndondomekoyi limasokoneza pang'ono: kuti munthu akwanitse makilomita 5 pa mphindi 30 ayenera kuthamanga liwiro la makilomita 10 pa ola, limene oyamba ambiri salifikira. Chofunika ndi mphindizo, osati mtunda. Sabata imene yavuta ikhoza kubwerezedwa.

Liwiro loyenera silifuna wotchi yodula. Ngati wothamanga angathe kulankhula chiganizo chathunthu popanda kubanika, ndiye kuti ali bwino. Akamalephera, achepetse, ngakhale zitaoneka ngati akungonyang'ama.

Nsapato siziyenera kukhala zatsopano. Zapakaunjika zimagwira ntchito, bola wogula aziyang'ane kunsi: ngati zadyekera mbali imodzi kapena zaphwa moti sizikufewanso pozidina, zinatha kale ntchito kwa mwini wake woyamba. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu, chifukwa phazi limatupa pothamanga.

M'mizinda ya m'Malawi, mmene misewu yambiri ilibe njira ya oyenda pansi, wothamanga azikhala kudzanja lamanja la msewu kuti aziona magalimoto akubwera kutsogolo kwake, popeza magalimoto amayenda kumanzere. Chovala chowala n'chofunika m'bandakucha ndi madzulo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likakwera si nthawi yothamanga.

Ululu uli mitundu iwiri. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku limodzi kapena awiri munthu atathamanga n'kwachibadwa, ndipo kumatha kokha. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, umene ukukula pothamanga kapena kuchititsa munthu kutsimphina, umafuna kupuma, ndipo ukapitirira aonane ndi achipatala. Amene ali ndi matenda a mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa dokotala. Kupweteka kwa pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka ndi zizindikiro zoti munthu aime pomwepo ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo.