Julian Bond ndi Mpando Umene Anamkaniza

M'dziko la Amereka muli zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi Nyumba yace ya Malamulo, m'mene aphungu amapangana za sukulu, misonkho ndi zipatala za cigawoco. Mwa aphungu otere amene anatisiya, mmodzi woyenera kumkumbukira ndiye Julian Bond wa ku Georgia, pakuti mlandu wace unautsa funso lalikulu: kodi mwini mpando wa phungu ndani, aphungu anzace kapena anthu amene anamsankha?

Bond anabadwira ku Nashville pa 14 January, 1940. Atate wace, Horace Mann Bond, anali mphunzitsi womveka, ndiponso munthu wakuda woyamba kukhala mkulu wa Lincoln University. Masiku amenewo, m'zigawo za kummwera, malamulo anali kulekanitsa anthu akuda ndi Azungu pa sukulu, m'mabasi ndi m'nyumba zodyera, ndipo akuda ambiri anali kuwatsekereza kuponya voti. M'mwezi wa March, 1960, ali wophunzira pa Morehouse College ku Atlanta, Bond anatsogolera anzace kukakhala m'nyumba yodyera ya Azungu okha, ndipo anamangidwa. Caka comweco anathandiza kuyambitsa bungwe la ophunzira lochedwa Student Nonviolent Coordinating Committee, lomenyera ufulu popanda ciwawa, nakhala mneneri wace.

Pamene mabwalo a milandu analamula kuti madera a cisankho agawidwenso monga mwa kucuruka kwa anthu, dera lina la Atlanta linasankha Bond m'caka ca 1965, ali ndi zaka 25. Koma asanalumbire, kunagwa zinthu. Pa 3 January, 1966, mnyamata wakuda, Sammy Younge, anaphedwa ndi mfuti ku Tuskegee, m'cigawo ca Alabama, pa mkangano wa cimbudzi ca Azungu okha. Bungwe lija linaturutsa mau otsutsa nkhondo ya ku Vietnam, ndi kunena kuti boma lotuma anyamata kukafera ufulu kutali liyambe lateteza anthu ace kwao. Atamfunsa, Bond sanabise kuti anabvomerezana nao mauwo.

Tsono pa 10 January, pamene aphungu ena anali kulumbira, iye anamuuza kuti aime padera. Anamnenera kuti munthu wa maganizo otere sangalumbire moona mtima, ndipo aphungu 184 anamkana, 12 okha ndiwo anamuikira kumbuyo. Martin Luther King anatsogolera khamu la anthu kunka ku Nyumba ya Malamulo kukatsutsa cimeneci. Anaitanitsa cisankho cina. Anthu anasankhanso Bond, nakanizidwanso. M'mwezi wa November anamsankha kacitatu. Potsiriza, pa 5 December, 1966, oweruza onse 9 a Bwalo Lalikulu la dziko lonse anagamula kuti Nyumba ija inalakwa, pakuti phungu ayenera kulankhula momasuka pa nkhani zobvuta, kuti omsankha adziwe cimene iye ali. M'mwezi wa January, 1967, Bond anakhala pampando wace.

Anatumikira zaka 20: m'nyumba yaing'ono kufikira 1975, ndi m'nyumba yaikulu, yochedwa Senate, kufikira 1987. Iye anazindikira kuti voti payokha siicotsa umphawi, kotero anagwira nchito zooneka zazing'ono koma zokhudza moyo wa osauka. Analimbikira kuti mabanja opeza pang'ono azikongola ndalama zogulira nyumba pa ciongola dzanja cocepa, ndi kuti boma lizipima nthenda ya magazi yochedwa sickle cell, imene imasautsa makamaka anthu akuda. M'caka ca 1971 anakhala pulezidenti woyamba wa Southern Poverty Law Center, bungwe loimira osauka pa milandu, ndipo kuyambira 1998 kufikira 2010 anali wapampando wa NAACP. Zaka zace zotsiriza anatsata mapazi a atate wace, naphunzitsa mbiri ya kumenyera ufulu pa University of Virginia. Anamwalira pa 15 August, 2015, ali ndi zaka 75.

Mphunzitsi wofotokozera ana za boma ndi cisankho adzapeza citsanzo cabwino m'mbiri iyi, koma asaime pa dzina la Bond lokha. Akumbutse ana za anthu wamba a dera lija, amene anakhala caka cathunthu opanda wowalankhulira, koma sanatope kubwerera kukaponya voti. Akadagwa mphwayi pa cisankho caciwiri, nasankha wina wokondweretsa akuluakulu, Bond akadapambana mlandu wopanda mpando woti akhalepo. Ana angafunsidwe: kodi nkoyenera kucotsa mtsogoleri wa kalasi amene onse anamsankha, cifukwa cakuti wanena mau osakoma kwa anzace?