Mabuku a Amereka ndi Mthunzi wa Chilembwe

M'kabati ya mabuku pa sukulu yomwe ndinkaphunzitsa kuno ku Chitala munali timabuku tamphatso tonena za George Washington, pulezidenti woyamba wa Amereka kuyambira 1789. Ana ankatikonda chifukwa cha zithunzi. Ine mtima unkandiwawa, poti timabukuto sitinkanena kuti mkuluyu anali ndi akapolo pamunda wake ku Mount Vernon, m'chigawo cha Virginia.

Ku Virginia komweko, mu mzinda wa Lynchburg, ndi kumene John Chilembwe anakaphunzira ubusa atapita ndi Joseph Booth mu 1897. Kumeneko mbiri ya John Brown, mzungu yemwe ananyongedwa mu 1859 atayesa kumasula akapolo ndi mfuti ku Harpers Ferry, inali idakali yamoyo. Mu 1901 Booker T. Washington, wobadwira mu ukapolo, anatulutsa buku la moyo wake lolimbikitsa sukulu ya ntchito zamanja. Providence Industrial Mission, imene Chilembwe anaikhazikitsa ku Mbombwe atabwerako mu 1900, inatsata njira yotereyi. Koma pa 23 Januwale 1915 Chilembwe anatenga njira ya Brown, ndipo George Mwase, polemba mbiri yake, anamuyerekeza ndi Brown yemweyo.

Ife olima thonje, mbewu imene akapolo a ku Amereka ankathyola, nkhaniyi ndi yathu. Aphunzitsi anzanga, pambali pa timabuku ta George Washington ikanipo buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958 lonena za Chilembwe, Independent African.