Mgodi wa Chimwadzulu ku Ntcheu

Chimwadzulu ndi phiri lomwe lili kumadzulo kwa boma la Ntcheu, pamtandadza wa mapiri a Kirk Range, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. M'dothi lake mumapezeka mwala wolimba kwambiri wotchedwa corundum. Mwalawu ukakhala wofiira, chifukwa cha kamchere ka chromium komwe kali mkati mwake, umatchedwa ruby, ndipo ukakhala wa mitundu ina umatchedwa sapphire. Akatswiri a za miyala adauzindikira paphiripa mu 1958, dziko lino likadali m'manja mwa atsamunda.

Miyalayi sikhala pansi penipeni. Yambiri ili m'dothi lapamwamba lomwe lidafumbutuka kuchokera kuthanthwe, choncho okumba amapala dothilo, kulitsuka ndi madzi, kenako kulisefa. Apa ndiye pagona vuto la chilengedwe. Dothi lopalidwa ndi lomwe lija limagwira udzu ndi mitengo. Likachoka, mvula imakokolola zotsala n'kuzitsitsira m'mitsinje, pomwe maenje osakwiriridwa amasanduka misampha ya ana ndi ziweto. Kumapiri a Ntcheu anthu amadalira mbatata ya kachewere, kabichi ndi chimanga, motero madzi ndi nthaka si zinthu zoseweretsa.

Mu 2007 boma lidapereka chiphaso cha zaka khumi ku kampani ya Nyala Mines Limited. Miyala yake inkagulitsidwa kunja kudzera ku Columbia Gem House ya ku America pansi pa dzina loti Nyala Ruby. Chiphasocho chitatha mu 2017, boma silidachionjezere. Madandaulo omwe adamveka kwambiri pa zaka zimenezo adali akuti anthu ozungulira phirili, komanso thumba la boma, sadapindule mokwanira.

Nkhaniyi idafika pachimake mu 2022 pomwe mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo panthawiyo, a Thabo Chakaka Nyirenda, adalembera Columbia Gem House kuti ilipire ndalama zoposa madola 309 biliyoni, ponena kuti ndi msonkho ndi zina zomwe dziko lidamanidwa. Kampaniyo idakanitsitsa. Chiwerengerochi chidadzidzimutsa ngakhale Amalawi eniake, pakuti chimaposa maulendo 20 chuma chonse chomwe dziko lino limapanga pachaka.

Mkanganowu ukuonetsa chomwe chimavuta pa malonda a miyala ya mtengo wapatali. Fodya ndi tiyi zimayezedwa pasikelo ndipo mitengo yake imadziwika. Ruby ayi: timiyala tiwiri tolemera mofanana titha kusiyana mtengo kutalitali malinga ndi kufiira kwake, kuyera kwa mkati ndi kasemedwe. Dziko lopanda akatswiri okwanira oyeza miyala limangomvera mtengo womwe wogulitsa walemba papepala, n'kudula msonkho potengera pomwepo. Phindu lalikulu limabwera mwala ukasemedwa ndi kupukutidwa, ntchito yomwe kawirikawiri imachitikira kunja. Komanso miyala ya ndalama zankhaninkhani imakwana m'thumba la malaya, ndipo malire ali pafupi.

Malamulo akhala akusintha. Lamulo la migodi la 1981, lomwe linkapereka mphamvu zambiri kwa nduna, lidalowedwa m'malo ndi la 2019, kenako la 2023 lomwe lidakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi la Mining and Minerals Regulatory Authority. Malamulo atsopanowa amafuna kuti eni migodi ikuluikulu azisainirana mgwirizano wa chitukuko ndi anthu a m'dera. Malawi adalowanso mu 2015 m'bungwe la EITI, lomwe limafuna kuti ndalama zomwe makampani alipira ndi zomwe boma lalandira zizilengezedwa poyera.

Ngakhale zili choncho, migodi imabweretsa pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a chuma cha dziko. Mu February 2025 boma lidaimitsa kwa kanthawi kutumiza kunja miyala ya mtengo wapatali kuti liunikenso kayendetsedwe ka malondawa, ndipo mu October chaka chomwecho Pulezidenti Peter Mutharika adaletsa kutumiza kunja miyala yosakonzedwa.