Momwe makina a MRI anaonetsera chimene chimapha ana pa malungo a mu ubongo

Kwa zaka zambiri madokotala sankadziwa chifukwa chimene mwana wokomoka ndi malungo a mu ubongo amasiyira kupuma mwadzidzidzi. Yankho lake linapezeka ku Malawi konkuno.

Mu 1986, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kafukufuku wa malungo a ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Nthawi imeneyo ubongo unkaoneka bwino pokhapokha popima mtembo. Zotsatira za mu 2004 zinasonyeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse amene ankaganiziridwa kuti wamwalira ndi matendawa anafa ndi vuto lina. Kuunika mkati mwa diso ndiko kunathandiza kusiyanitsa odwalawa.

Mu 2008 chipatalachi chinalandira makina a MRI mothandizidwa ndi Michigan State University. Makinawa amajambula ubongo wa munthu wamoyo pogwiritsa ntchito maginito, popanda opaleshoni. Ku America, ntchito ya Human Connectome Project inagwiritsa ntchito MRI yamphamvu pojambula njira za mitsempha yolumikiza zigawo za ubongo. Ku Blantyre funso linali lofulumira kuposa pamenepo: nchiyani chikupha ana?

Mu 2015, Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa ana 168. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anachira, 39 okha ndiwo anali ndi kutupa kotero. Ubongo ukatupa umasowa malo m'chigaza, ndipo umapanikiza gawo la m'munsi limene limayendetsa kupuma. Kafukufuku wina wa ku Blantyre anasonyezanso kuti ena mwa ochira amadzadwala khunyu kapena kusintha khalidwe patapita miyezi.

Ku Nkhunga, m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota kumene malungo ndi ofala, mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka. Mwana wotentha thupi amene akukomoka, akugwedezeka, kapena akulephera kuyamwa ndi kumwa, atumizidwe ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa kutupa sikudikira kuti kuche. Akatuluka m'chipatala, ayenderedwe kunyumba, ndipo makolo afunsidwe ngati mwanayo akugwa, akumva bwino, akulankhula ndi kuyenda monga kale.