Napolo, Freddy ndi foni ili m'thumba mwanuyo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, amayi a Mothers' Union, ndi inu amene mukuwerenga izi mukudikira kasitomala pa Chinyunyu kapena pa Luangwa Bridge, lero tibwerere kumbuyo pang'ono.

Kummwera kwa Malawi kuli dzina limene akuluakulu amalitchula motsitsa mawu: Napolo. Amati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamuka, phiri limang'ambika, madzi, matope ndi miyala n'kutsika pamodzi. Mu Disembala 1946 zinachitika ku Zomba, kumene kunali likulu la boma la atsamunda. Milatho ndi nyumba zinapita. Mu Malichi 1991 linagumuka phiri la Michesi ku Phalombe, anthu mazanamazana anafa. Ine za chinjoka sindikhulupirira, koma nthanoyi ndimaipatsa ulemu pa chinthu chimodzi: siiloza chala munthu wakufa. Imangoti anapezeka pa njira ya Napolo, basi.

Masiku amenewo uthenga unkayenda pang'onopang'ono, pa kalata, pa wailesi, kapena ndi munthu wotsika basi. Ndipo wonyamula uthenga wa maliro ankadziwa mwambo. Sankafuula pamsewu ayi. Ankayamba kwa amfumu kapena kwa mwini mbumba, n'kukhala pansi kaye, kenaka n'kukamba.

Manje tafika mu 2023. Namondwe Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale, nakhala panyanja ndi pamtunda milungu yoposa isanu. Pa 11 Malichi analowa kachiwiri ku Mozambique cha ku Quelimane, ndipo masiku otsatira mvula inakhuthukira pa Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, matope anakwirira mabanja m'nyumba zawo. Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza masiku 14 olira. Akufa ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo.

Ulendo uno uthenga sunadikire amfumu. Matope asanaume, mavidiyo anali kale m'mafoni athu kuno ku Rufunsa. Mitembo ya ana, amayi osavala bwino akukokedwa m'madzi, zonse pa WhatsApp ndi Facebook. Ena pansi pake analemba ati n'chilango cha Mulungu. Ena ati anamangiranji paphiri, ngati kuti munthu wolipira lendi ya kachipinda kamodzi amachita kusankha malo. Ena anangoikapo kankhope koseka.

Ndisaloze ena chabe. Ine mwini ndinatumiza vidiyo imodzi mu gulu lathu la mpingo, ndi mawu akuti tiyeni tipemphere. Ndinkadziona ngati wachifundo. Patapita masiku, ndili pa Bridge kugula nsomba, ndinakhala pafupi ndi dalaivala wa thiraki wa ku Malawi, nsima yake itazizira m'mbale. Ankayang'ana vidiyo yomweyo, kuimitsa, kukulitsa chithunzi, kuyambiranso. Ndinamufunsa kuti, achimwene, kwagwanji? Anati foni ya mlongo wake siikupezeka, ndiye akufuna aone ngati chitenje chili pa mtembowo n'chake. Pakamwa panga panauma. Mawu onse amene ndimalalikira Lamulungu anathawa.

Funso la chilango si latsopano. Pa Luka 13 Ambuye Yesu akukumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo akukana poyera kuti iwo anali ochimwa koposa anzawo a mu Yerusalemu. Anzake a Yobu nawo anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osalankhula. Zinaipa atatsegula pakamwa kufotokoza chifukwa chake wavutika.

Ndipo ife a Anglican tili ndi ngongole kutsidyako. Amene anatsegula mishoni ya Msoro kuno kummawa kwa Zambia anali wansembe Leonard Kamungu, Mchewa wa cha ku Nkhotakota, ndipo anamwalirira komweko mu 1913. Amene tinkawaseka aja ndi a kwawo kwa munthu amene anatibweretsera pemphero.

Chaka chisanakwane, zinatembenuka. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza chilala kukhala tsoka la dziko: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera. Mukukumbukira inu nokha. Minda ya kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta inauma ngati yotenthedwa, madzi ku Kariba anatsika, malaiti ankapita tsiku lonse, ogulitsa zamufiriji anataya katundu. Pamenepo ndi ife amene tinayamba kujambulidwa, agogo athu ali pamzere wa chimanga chathandizo, thumba lopanda kanthu m'manja. Ndinaona ena a m'tauni akulemba kuti anthu a ku Rufunsa anadziitanira okha chilala podula mitengo ya malasha. Kudula mitengo n'koipa, zoona, ndipo ndimakamba zimenezi kutchalitchi. Koma El Niño sanayambire pa uvuni wa mayi wamasiye wa pa Great East Road.

Dalaivala uja sindinamuonenso, ngakhale dzina sindinamufunse. Vidiyo ija ndinaifufuta usiku womwewo, koma inali itafika kale m'mafoni a mpingo wonse, ndipo ena anali ataitumizanso kwina.