Kuika Windows 11 pa Kompyuta: Mavuto Odziwika ndi Njira Zowathetsera

Alimi, amalonda ndi anthu onse a m'madera a Nkhoma, Mitundu ndi Nathenje akudziwitsidwa kuti kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta yokhala ndi Windows 10 ikugwirabe ntchito, koma siilandiranso zokonza za chitetezo pokhapokha mwiniwake atailembetsa m'ndondomeko ya Extended Security Updates. Nkhaniyi ikukhudza makopaletivu, ma SACCO, ogulitsa zipangizo zaulimi ndi eni malo otayipira ndi kusindikiza makalata, popeza kaundula wa mamembala, ngongole ndi katundu amasungidwa m'makompyuta amenewa.

Zofunika kuti kompyuta ilandire Windows 11

Windows 11 inatuluka pa 5 Okutobala 2021. Imafuna purosesa ya 64-bit, RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu osachepera 64 GB, komanso TPM 2.0 ndi Secure Boot, zomwe ndi zida za chitetezo za m'kati mwa kompyuta. Kawirikawiri purosesa ya Intel imayenera kukhala ya m'badwo wa 8 kapena woposerapo, ndipo ya AMD Ryzen ikhale ya gulu la 2000 kupita m'tsogolo. Makompyuta ambiri a kaunjika sakwanitsa zimenezi. Pulogalamu yaulere ya PC Health Check imaonetsa chimene chikusowa, choncho ndi bwino kuyamba nayo munthu asanawononge bandulo.

Kukonzekera

Choyamba ndi kukopera mafayilo onse ofunika pa fulashi kapena disiki ina, ndi kutsegula angapo kuti zitsimikizike kuti akoperedwadi. Chachiwiri ndi magetsi. Magetsi a ESCOM akathima ntchito ili pakati, kompyuta ikhoza kukana kuyaka bwino. Laputopu ikhale ndi batire lodzaza komanso yolumikizidwa ku magetsi, ndipo kompyuta ya patebulo ikhale pa UPS kapena pa sola yokhala ndi batire lokwanira maola angapo. Chachitatu ndi intaneti. Fayilo ya Windows 11 imaposa 5 GB, kotero bandulo yaing'ono ya Airtel kapena TNM imatha ntchito isanathe. Njira yosaboola m'thumba ndi kuitenga kamodzi pamalo a netiweki yamphamvu pogwiritsa ntchito Media Creation Tool, n'kuiika pa fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo. Fulashi imodzi ingathandize makompyuta onse a kopaletivu. Zonse zimene zinali pa fulashiyo zimafufutika.

Mavuto odziwika

*Kompyuta ikukana Windows 11.* Nthawi zambiri TPM imakhala ilipo koma yozimitsa. Imayatsidwa mu BIOS, m'mene imatchedwa PTT pa makompyuta a Intel ndipo fTPM pa a AMD. Ngati Secure Boot siikutheka, mwina disiki inakonzedwa m'njira yakale ya MBR. Lamulo la mbr2gpt limaisinthira ku GPT, koma ntchito imeneyi igwiridwe ndi katswiri, mafayilo atakoperedwa kale.

*Nambala 0x80070070.* Malo pa disiki achepa. Makanema, nyimbo ndi mafayilo akale asamutsidwire kwina, kenaka ntchito iyambidwenso.

*Nambala yoyamba ndi 0xC1900101.* Vuto lili pa drivers, timapulogalamu tomwe timayendetsa zipangizo. Pulinta, modemu ndi zina zonse zolumikizidwa zichotsedwe, kutsale kiyibodi ndi mbewa basi.

*Nambala 0xC1900208.* Pali pulogalamu yosagwirizana ndi Windows 11, ndipo kawirikawiri imakhala antivirus yakale. Ichotsedwe kaye.

*Ntchito ikuoneka ngati yaima.* Pa kompyuta ya disiki yakale, nambala yoonetsa pamene ntchito yafika imatha kukhala malo amodzi kwa nthawi yaitali, ndipo kompyuta imazima ndi kuyaka yokha kangapo. Kuizimitsa mokakamiza ndiko kumawononga.

*Ikufuna intaneti ndi akaunti.* Windows 11 imapempha akaunti ya Microsoft poyamba. Akauntiyo ikhale ya mwini kompyuta kapena ya bungwe, osati ya wokonza. Kiyi ya BitLocker, ya manambala 48, imasungidwa m'akaunti imeneyo, ndipo kompyuta ikadzaifuna koma osapezeka, mafayilo satsegukanso.

*Pulinta kapena mawu zasiya kugwira ntchito.* Drivers atsopano atengedwe kudzera pa Windows Update kapena kwa kampani yomwe inapanga chipangizocho.

Zinthu zikakanika, Windows imapereka masiku 10 obwerera ku Windows 10 kudzera pa Settings, System, Recovery, bola foda ya Windows.old isafufutidwe. Mwayi umenewu palibe kwa amene anafufuta disiki yonse poika Windows.

Kompyuta yosakwanitsa zofunika

Pali njira zokakamizira Windows 11 pa kompyuta yakale, koma Microsoft siilonjeza kuti kompyuta yotero izilandira zokonza. Windows yobera nayo ndi yoopsa, chifukwa ina imabwera ndi mavairasi oba manambala achinsinsi a ku banki. Njira ina yaulere ndi Linux. Ubuntu 24.04 LTS ndi Linux Mint 22, zomwe zinatuluka mu 2024, zizisamalidwa mpaka 2029, ndipo LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Zonsezi zikhoza kuyesedwa kuchokera pa fulashi popanda kufufuta kanthu. Komabe bungwe lifufuze kaye ngati pulogalamu yake yowerengera ndalama ndi pulinta yake zimagwira ntchito pa Linux.

Nthawi yoyenera

Amalonda ndi makopaletivu akulangizidwa kupewa ntchitoyi pa tsiku la msika, pa nyengo yogula mbewu kapena yogulitsa feteleza, pamene kompyuta ikufunika tsiku lililonse. Wopereka kompyuta kwa wokonza agwirizane naye mtengo ntchito isanayambe, asunge yekha mafayilo okopera, ndipo asinthe mawu achinsinsi kompyuta ikabwerera.